Owerenga Amene Ankayankha M'mphepete mwa Tsamba

Lamulo loti m'buku salembamo timalilandira tili ana, ndipo ambiri timakalamba nalo osafunsa kumene linachokera. Mphunzitsi akapeza mzere wa inki m'buku la sukulu amauona ngati mwano, ndipo buku loyera mbee kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza timaliyesa umboni wa mwini wosamala. Komatu lamuloli ndi ladzulodzuloli. Kwa zaka zoposa 1,000, ku Ulaya, kumayiko a Aluya ndi kuno ku Africa komwe, anthu amene ankalemekeza mabuku koposa ndi omwenso ankalembamo kwambiri, ndipo okonza mabuku ankasiya dala malo aakulu m'mphepete mwa tsamba ndi pakati pa mizere podziwa kuti wowerenga abwera ndi cholembera m'manja. Mfundo yanga ndi yakuti lamulo la tsamba loyera limateteza katundu, ndipo pa ntchito imeneyo ndi labwino ndithu. Koma silinaikidwe kuti lithandize munthu kumvetsa zimene akuwerenga, choncho tikalitenga ngati lamulo la kawerengedwe timataya chida chimene owerenga akhama a mibadwo yambiri ankachidalira.

Mwambowu unayambira pa vuto limene aliyense wa ife amene anadutsa m'kalasi amalidziwa: buku lili m'chinenero china, mutu ukuganiza m'chinenero china. Amonke a ku England ndi ku Ireland ankapemphera ndi kuphunzira m'Chilatini, chinenero chimene sanakule nacho. Buku la Mauthenga Abwino la ku Lindisfarne, lolembedwa pa zikopa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 700 ndi kukongoletsedwa mwaluso lodabwitsa, linali chuma chopatulika cha mpingo wawo. Patapita zaka zoposa 200, wansembe wina dzina lake Aldred, ali ku Chester-le-Street, anatenga inki n'kulemba pamwamba pa mawu a Chilatini tanthauzo lake m'Chingerezi cha nthawi imeneyo, liwu ndi liwu, buku lonse. Timalemba take tating'onoto ndiko kumasulira kwakale kuposa kwina kulikonse kwa Mauthenga Abwino m'Chingerezi kumene kulipobe lero. Cha m'ma 850, alembi a ku Ireland anakopera buku la galamala ya Chilatini la Priscian, limene tsopano limasungidwa ku St Gallen m'dziko la Switzerland, ndipo muli ndemanga zoposa 9,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu zili m'chinenero chakale cha ku Ireland. Zina zimamasulira mawu ovuta, zina zimalumikiza ziganizo, zina ndi madandaulo a mlembi wotopa pa za inki yoipa ndi chikopa chovuta. Pamene Johann Kaspar Zeuss ankalemba galamala ya zinenero zapachibale ndi cha ku Ireland chija, imene inatuluka mu 1853, anatsamira kwambiri pa ndemanga zoterezi. Ku Spain, ena mwa mawu oyambirira kulembedwa m'chinenero cha anthu wamba, pamodzi ndi timawu tingapo ta Chibasque, ali m'mphepete mwa buku la Chilatini la ku San Millán de la Cogolla. Ndipo ku Borno, kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria ya lero, kuli mabuku a Korani a zaka za m'ma 1600 ndi 1700 amene pakati pa mizere ya Chiarabu akatswiri analembapo matanthauzo m'Chikanembu chakale. Anthu onsewa ankachita chinthu chimodzi: ankakakamiza chiganizo chachilendo kuti chilankhule m'chinenero cha kwawo. Imeneyi ndi njira yodziyesera yosanama, chifukwa zimene sunamvetse sungazinene m'mawu ako.

Pofika zaka za m'ma 1100, zolemba zam'mphepete zinasiya kukhala thandizo la munthu mmodzi n'kusanduka maziko a maphunziro. Ku Laon m'dziko la France, Anselm, amene anamwalira mu 1117, pamodzi ndi ophunzira ake anayamba kusonkhanitsa zimene akuluakulu a mpingo akale ananena pa ndime iliyonse ya Baibulo n'kuziika mozungulira ndimeyo. Ntchito imeneyi inadzatchedwa Glossa Ordinaria, ndipo kwa zaka mazana angapo wophunzira zaumulungu ankakumana ndi Baibulo litavala ndemanga zimenezi. Ku Bologna, aphunzitsi a malamulo anachita zomwezo ndi malamulo a Aroma amene mfumu Justinian inasonkhanitsa, mpaka cha m'ma 1230 Accursius anasanja pamodzi ndemanga pafupifupi 96,000, ndipo makhoti anafika pozilemekeza ngati lamulo lenilenilo. Pakati pa Ayuda, Rashi wa ku Troyes, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1040 mpaka 1105, anafotokoza Talmud, buku la malamulo a chipembedzo chawo, mzere ndi mzere. Zidzukulu zake ndi ophunzira awo anawonjezera mafunso ndi zotsutsa zawo, zina zotsutsa Rashi yemweyo. Daniel Bomberg atasindikiza Talmud yonse ku Venice pakati pa 1520 ndi 1523, anaika mawu akale pakati, Rashi mbali yamkati, omutsatira mbali yakunja, ndipo manambala a masamba ake ndi amene akugwiritsidwabe ntchito mpaka pano. Asilamu ophunzira nawo anali ndi mtundu wonse wa mabuku otchedwa hashiya, ndemanga zolembedwa m'mphepete mwa ndemanga zina. Tsamba loterolo limafanana ndi bwalo la milandu kumudzi: nkhani ili pakati, akuluakulu akhala mozungulira, aliyense akulankhula nthawi yake ikakwana, ndipo mwana amene wakhala kumbuyo akuphunzira nkhaniyo pamodzi ndi kakambidwe kake. Wophunzira wokulira pa tsamba lotere sakanaganiza kuti buku ndi chinthu chongolandira chete.

Ena amaganiza kuti makina osindikizira anathetsa zonsezi. Umboni wabwino kwambiri wotsutsa ganizoli ndi nkhani ya buku la Nicolaus Copernicus, De revolutionibus, limene linasindikizidwa ku Nuremberg mu 1543 ndi kunena kuti dziko lapansi ndi limene limazungulira dzuwa. Mu 1959 mlembi Arthur Koestler ananena kuti bukuli palibe amene analiwerenga, poti ndi lovuta kwambiri. Mu 1970 katswiri wa zakuthambo Owen Gingerich, wa ku Harvard, anatsegula limodzi mwa mabukuwa ku Royal Observatory ku Edinburgh n'kupeza kuti ndi lodzaza ndemanga zapamanja mpaka kumapeto. Atafufuza anapeza kuti zinali za Erasmus Reinhold, mphunzitsi wa masamu ku Wittenberg. Gingerich anatha zaka zoposa 30 akusakasaka mabuku otsala a kusindikiza koyamba ndi kwachiwiri kwa ku Basel mu 1566, ndipo anapeza pafupifupi 600. Zimene anaona zinasintha mbiri ya sayansi m'njira zingapo. Choyamba, bukuli linawerengedwa, ndipo mwakhama. Koma owerenga ambiri oyambirira, kuphatikizapo Reinhold, sanalembe zambiri pa mitu yoyamba imene imakamba za dziko lozungulira dzuwa. Inki yawo inachuluka m'mitu yamkati, ya masamu owerengera kayendedwe ka mapulaneti. Chimene ife timachiona ngati mtima wa bukulo, iwo ankachidumpha. Popanda zolemba zam'mphepete sitikanadziwa zimenezi, tikanangoganiza kuti anthu a m'zaka za m'ma 1500 ankadabwa ndi zimene ife timadabwa nazo. Gingerich anapezanso ndemanga zofanana ndendende m'mabuku osiyanasiyana, kusonyeza kuti ophunzira ankakopera zolemba za aphunzitsi awo m'mabuku awoawo, moti sukulu yosaoneka inkayenda kuchoka mumzinda kupita mumzinda kudzera m'mphepete mwa masamba. Ngakhale chinsinsi cha mawu oyamba a bukulo, amene analibe dzina la wolemba ndipo ankati mfundo za Copernicus ndi zongothandiza kuwerengera osati zoona zenizeni, chinasungidwa ndi cholembera: wina analemba pamenepo dzina la Andreas Osiander, bukulo linadzafika m'manja mwa Johannes Kepler, ndipo Kepler anaulula poyera mu 1609 kuti mawuwo sanali a Copernicus.

Cha m'ma 1637, Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse, ankawerenga buku la masamu la Diophantus. Atafika pa funso logawa nambala yochulukitsidwa mwa iyo yokha kukhala nambala ziwiri za mtundu womwewo, anadzifunsa ngati zingathekenso kuchulukitsako kukapitirira, nalemba pambali kuti sizingatheke, kuti ali ndi umboni, koma malo ndi ochepa. Mwana wake anasindikiza ndemangayi mu 1670, ndipo akatswiri anavutika nayo mpaka Andrew Wiles anaitsimikizira mu 1994. Ambiri amakayikira ngati Fermat analidi ndi umboni wokwanira, koma chofunika kwa ife ndi mmene ankawerengera: wolemba atamaliza funso lake, wowerenga anafunsa funso lotsatira. John Adams, pulezidenti wachiwiri wa United States, analemba mawu oposa 10,000 m'buku la Mary Wollstonecraft lonena za kuukira boma kwa ku France, akumutsutsa tsamba ndi tsamba. Munthu salemba mawu 10,000 m'buku limene akulinyoza. Amatero m'buku limene lamugwira mtima mpaka walephera kukhala chete.

Pali zifukwa zomveka zokayikira mwambowu, ndipo choyamba ndi chakale kwambiri: mawu a wowerenga amatha kulowerera m'mawu a wolemba. M'nthawi ya mabuku okopera pamanja, mlembi akapeza mawu pambali sankadziwa nthawi zonse ngati ndi ndemanga kapena ndi mzere umene mnzake anauiwala, ndipo nthawi zina ankaulowetsa mkati. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti ndi mmene anabwerera mawu onena za mboni zitatu zakumwamba m'kalata yoyamba ya Yohane, mutu 5, ndime 7 ndi 8, amene sapezeka m'mipukutu yakale ya Chigiriki. Katswiri wina dzina lake Erasmus, osati Reinhold uja, anawasiya posindikiza Chipangano Chatsopano mu 1516 ndi mu 1519, anthu anamukalipira, ndipo anawaika mu 1522. Palinso mantha akuti ndemanga imalamulira maganizo a amene adzawerenge pambuyo. Baibulo la ku Geneva la mu 1560 linali ndi ndemanga zosindikizidwa m'mphepete, ndipo ya pa Eksodo mutu 1 inkati azamba a Chiheberi sanalakwe posamvera Farao. Mfumu James ya ku England inaipidwa nazo pa msonkhano wa ku Hampton Court mu 1604, ndipo omasulira Baibulo la mu 1611 analamulidwa kusaika ndemanga kupatula zofotokoza mawu a Chiheberi ndi Chigiriki. Bungwe la British and Foreign Bible Society, lokhazikitsidwa mu 1804, linatenganso mfundo yofalitsa Baibulo lopanda ndemanga kuti mipingo yosiyana ithe kugwirira ntchito limodzi. Zonsezi ndi zoona, koma taonani chimene chinkaopedwa. Vuto la mlembi linali kulephera kusiyanitsa mawu a anthu awiri, ndipo makina osindikizira analithetsa, chifukwa lero palibe angasokoneze pensulo ndi zilembo zosindikizidwa. Vuto la mfumu James linali ndemanga zosindikizidwa, zofika kwa anthu zikwizikwi zitavala ulamuliro wa Baibulo lenilenilo. Ndemanga imene munthu walemba ndi dzanja lake imachita zosiyana ndi zimenezo: imamukumbutsa kuti apa akulankhula ndi wolemba, apa ndikulankhula ndine. Ndipo ngakhale olamula ankadziwa mphamvu ya cholembera cha wowerenga. Mpingo wa Katolika utaimitsa buku la Copernicus mu 1616, unatulutsa mu 1620 mndandanda wa malo oti eni mabuku akhwatche ndi kukonza okha. Gingerich anapeza kuti ku Italy ambiri anamvera, koma kunja kwa Italy ndi ochepa kwambiri amene anakhwatcha, moti lero tingayeze kumene lamulolo linkafika pongoyang'ana masamba.

Nanga tsamba loyera linachokera kuti? Mbali ina linachokera kwa anthu olemera osonkhanitsa mabuku akale m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, amene ankafuna buku looneka ngati latsopano. Osoka mabuku ankadula mphepete kuti masamba alingane, n'kudulira pamodzi ndemanga, ndipo ena ankatsuka masamba ndi mankhwala kuti inki ya owerenga akale ichoke. Ngakhale zinatero, katswiri William Sherman atafufuza mabuku a Chingerezi osindikizidwa chisanafike chaka cha 1640 amene ali ku Huntington Library ku California, anapeza kuti oposa limodzi mwa asanu alionse akadali ndi zolemba za owerenga oyambirira. Mbali ina linachokera ku malaibulale obwereketsa ndi kumasukulu a anthu onse, amene anachuluka m'zaka za m'ma 1800. Ku England lamulo lolola mizinda kutsegula malaibulale aulere linakhazikitsidwa mu 1850. Apa ndi pamene pali chotsutsa chachiwiri, ndipo kwa ife n'cholemera kuposa zonse. Kumene buku limodzi limagwiridwa ndi ana angapo pa benchi imodzi n'kudikiranso a chaka chamawa, kulembamo ndi kulanda anzako tsamba lawo. Sindikutsutsa zimenezi ngakhale pang'ono. Buku la sukulu kapena la ku laibulale ndi la anthu onse, ndipo lamulo loliteteza liyenera kukhalapo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwana akaletsedwa kulemba m'buku sauzidwa kumene angalembe, ndiye amamva ngati waletsedwa kuyankha. Akakula n'kugula buku lakelake ndi ndalama zake, dzanja limakhalabe lomangika. Akale anali ndi yankho la vutoli: kope loyenda ndi wowerenga, lolembamo nambala ya tsamba, mfundo ya wolemba ndi yankho lako. John Locke anafika posindikiza njira yake yosanjira kope lotere m'Chifalansa mu 1686, ndipo inatuluka m'Chingerezi mu 1706. Ankaika mfundo iliyonse pansi pa mutu wake, n'kuipeza msanga potsata chilembo choyamba ndi vawelo yoyamba ya mutuwo. Kope la mtengo wochepa likhoza kugwira ntchito yonse imene mphepete mwa tsamba munkagwira, bola mphunzitsi alifune ndi kuliyang'ana.

Ndipo si nthawi zonse pamene buku la anthu ambiri limanyozeka likalembedwamo. Ku ndende ya Robben Island, mkaidi Sonny Venkatrathnam anali ndi buku la masewero onse a Shakespeare, limene analimata pachikuto zithunzi za chipembedzo cha Chihindu kuti asilikali a ndende aliyese buku lopatulika. Asanatuluke, analiyendetsa pakati pa anzake kuti aliyense asankhe ndime imene yamukhudza n'kusainapo. Walter Sisulu, Govan Mbeki ndi Ahmed Kathrada anasaina, ndipo Nelson Mandela anasaina pambali pa ndime ya m'sewero la Julius Caesar pa 16 December 1977. Mwini bukulo ndi amene anapempha, anzake anavomera, ndipo chizindikiro chilichonse chinali ndi dzina la mwini wake. Chilolezo ndi dzina ndi zimene zimasiyanitsa ndemanga ndi kuwononga.

Chotsutsa chachitatu n'chatsopano ndipo chili ndi umboni wa kafukufuku. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zimene ophunzira amagwiritsa ntchito powerenga, ndipo kudula mizere kunsi kwa mawu kapena kuwapaka utoto wowala anakuika m'gulu la njira zothandiza pang'ono, pamodzi ndi kungobwereza kuwerenga, ngakhalenso kulemba chidule. Aliyense amene anaonapo buku la wokonzekera mayeso, tsamba lonse lili chikasu, akhoza kuvomereza. Dzanja limagwira ntchito pamene mutu ukupuma, ndipo utotowo umamunamiza mwini wake kuti wadziwa. Koma kafukufuku yemweyo anaika pamwambapo njira ziwiri zimene ndi mtima wa mwambo wakale uja: kudzifunsa chifukwa chimene mfundo ilili yoona, ndi kudzifotokozera mmene mfundo yatsopano ikugwirizanira ndi zimene ukudziwa kale. Pamwamba penipeni anaika kudziyesa ndi mafunso ndiponso kugawa kuwerenga m'masiku osiyana. Aldred sankapaka utoto, ankamasulira. Reinhold ankabwereza masamu a Copernicus kuti aone ngati akutuluka. Adams ankatsutsa, Fermat ankafunsa. Mzere wa kunsi umangonena kuti apa pali kanthu, pamene chiganizo cholembedwa pambali chimakukakamiza kunena kuti kanthuko n'chiyani, ndipo funso lolembedwa pambali lero limasanduka mayeso ukabwerera pa tsambalo sabata yamawa n'kuphimba ndimeyo ndi dzanja. Choncho kafukufukuyu akutsutsa mtundu waulesi wa mwambowu, umene unafala pamene zolembera zautoto zinatchipa, ndipo mtundu wake wakale akuuikira kumbuyo.

Lero ambiri timawerengera pa foni, pamene mphepete palibe, ndipo mapulogalamu ambiri amafewetsa kupaka utoto kuposa kulemba chiganizo. Palinso funso latsopano la umwini. Mu July 2009 kampani ya Amazon inachotsa buku la George Orwell lotchedwa 1984 m'makina owerengera a Kindle a anthu amene anali atagula kale, itazindikira kuti wogulitsayo analibe chilolezo. Mwana wina wa sekondale ku Michigan anali atalemba ndemanga zake m'bukulo pokonzekera ntchito ya kusukulu. Ndemangazo zinatsala, koma zinkaloza ndime zimene kunalibenso, moti zinasanduka zopanda ntchito. Anakasuma kukhoti, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 150,000 ndi kulonjeza kuti sidzachotsanso mabuku mwa njira imeneyo kupatula pa zifukwa zochepa zimene zinatchulidwa m'mgwirizanowo.